Tinachedwa Kunena Zikomo

Pa Sabata lomaliza la chaka, mipingo yathu yambiri imapatula kanthawi kothokoza anthu. Amaitanidwa kutsogolo a kwaya, madikoni amene amasesa ndi kukonza mabenchi, azimayi a Dorika amene anaphika pa maliro onse a m'chakacho, ndi bambo amene anabwereketsa lole yawo potuta njerwa. Onsewa timawapatsa "Ameni" wamphamvu, ndipo ndi oyeneradi. Koma pali munthu wina amene nthawi zambiri amatsala pa benchi la kumbuyo, dzina lake osatchulidwa. Ntchito yake sitinaione chifukwa anaigwirira pa tebulo la kunyumba kwake, usiku ana atagona, ali ndi mulu wa makaundula ong'ambika ndi kompyuta.

Tikunena akauntanti, akatswiri a ziwerengero, aphunzitsi a masamu, anamwino odziwa kusunga ndi kuwerenga malipoti a odwala, anthu amene kuntchito kwawo amalipidwa chifukwa chodziwa kusanthula manambala, koma luso lomwelo amalipereka ulere ku sukulu ya mpingo, ku gulu losamalira ana amasiye kapena ku kachipatala ka kumudzi. Ife tili ndi ngongole ndi mmodzi wa anthu otere, ndipo tiyambira pa ngongole imeneyi.

Makope atatu a Dorika

Chaka cha 2024 mvula inadula mbewu zisanakhwime, mpaka mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Mpingo wathu, monga mipingo ina yambiri, unayamba kusonkha chimanga, ufa ndi nyemba. Abale ena amene ali ku Joni anatumiza ndalama. Azimayi a Dorika anagwira ntchito yotamandika: kuyeza, kumanga m'matumba, kugawa mwezi ndi mwezi kufikira nthawi ya zokolola. Mayina a olandira ankalembedwa m'makope atatu a sukulu, ndipo ankalemba ndi aliyense amene wapezeka ndi cholembera tsiku limenelo.

Abale a ku Joni atafunsa mmene ndalama zayendera, tinapempha mlongo wina, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina m'tauni, kuti atilembere lipoti looneka bwino. Zimene tinkafuna zinali zomwezo basi, lipoti looneka bwino. Iye anatenga makope atatu aja n'kuyamba kulowetsa dzina lililonse mu Excel, pamodzi ndi mudzi wa munthuyo, tsiku limene analandira ndi chimene analandira. Zinamutengera masande atatu, chifukwa masiku ena onse amakhala kuntchito.

Atasanja mayinawo motsata midzi, panaoneka zinthu ziwiri zimene palibe mmodzi wa ife anali ataziona. Choyamba, anthu ena analembedwa kawiri kapena katatu: m'kope lina ndi dzina la bambo awo, m'kope lina ndi dzina la amuna awo, m'kope lachitatu ngati "make uje." Motero nyumba zina zoyandikana ndi tchalitchi zinkalandira kawiri pamwezi popanda wina kuzindikira. Chachiwiri ndi chimene chinatipweteka. Nkhalamba za kutsidya kwa mtsinje zinalandira kamodzi kokha, mvula isanayambe. Tsiku logawa linkalengezedwa m'tchalitchi pa Sabata, ndipo madzi atadzaza mumtsinje agogo amenewa analeka kubwera ku mapemphero. Sankamva chilengezo, sankabwera kudzalandira, ndipo popeza matumba ankatha ndithu tsiku lililonse logawa, tonse tinkabwerera kunyumba mitima ili m'malo.

Palibe amene anaba ngakhale mbale imodzi ya ufa. Koma mlongoyu atafotokoza zimenezi ku komiti ya mpingo, m'chipindamo munangoti zii. Kenako mayi wina wamkulu, amene anakhetsa thukuta lochuluka pa ntchitoyi kuposa tonsefe, anafunsa misozi ili m'maso kuti, "Kodi ndiye kuti takhala akuba tsopano?"

"Ayi, amayi, sindinatero," anayankha mlongoyo. "Ndikungonena kuti agogo a kutsidya sanalandire kanthu chiyambire Disembala."

Kwa masabata angapo anthu ena ankamupatsa moni wa kumphuno. Tinamva wina akunena kuti anthu ophunzira amabwera ndi makompyuta awo kudzanyozetsa anthu amene akhala akutumikira iwo asanabadwe. Ifenso sitinamuikire kumbuyo poyera; tinaona kuti n'kwabwino kungokhala chete kuti nkhani izizire. Mwakachetechete zinthu zinasintha. Makope atatu aja analowedwa m'malo ndi kaundula mmodzi, munthu aliyense ndi nambala yake, ndipo madikoni awiri anayamba kuwolotsa matumba pa njinga kudzera pa mlatho wa kumtunda. Chaka chitatha tinathokoza a Dorika ndi madikoni pamaso pa mpingo wonse. Dzina la mlongo uja silinatchulidwe, ndipo ife amene tikulemba pano ndife tinakonza ndandanda wa oyenera kuthokozedwa.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu timaunena mosavuta, koma khutu likakhala lathu timaiwala msanga.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yofanana ndi iyi ili m'Baibulo, ndipo timaiwerenga chaka ndi chaka posankha madikoni. Pa Machitidwe 6, mkangano woyamba wa kayendetsedwe ka mpingo unabuka chifukwa akazi amasiye olankhula Chigriki ankadumphidwa pa kagawidwe ka chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane, sanafunsenso kuti wayambitsa nkhaniyo ndani. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, ndipo anawasanjika manja. Onse asanu ndi awiri ali ndi mayina a Chigriki, zimene zikusonyeza kuti ntchitoyo inaperekedwa kwa anthu a mbali yomwe inkadandaula. Stefano, amene timamukumbukira ngati woyamba kufera chikhulupiriro, anayamba ndi ntchito yoonetsetsa kuti palibe wamasiye amene wadumphidwa pa ndandanda.

Dokotala, mbusa ndi mjigo wa ku London

Kuchedwa kuthokoza anthu owerengera si vuto la mpingo wathu wokha. Kumapeto kwa Ogasiti 1854, kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London, ndipo m'masiku khumi okha inapha anthu oposa 500. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amafala ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina wokhala pafupi ndi derali, John Snow, ankakayikira madzi. (Owerenga athu angakonde kudziwa kuti kwa zaka zambiri za moyo wake Snow sankadya nyama ndiponso sankamwa mowa.) Palibe amene anamulemba ntchito yofufuza mliriwo. Anangopita yekha ku ofesi yolembetsa imfa, n'kutenga mayina ndi malo okhala a omwalira, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa kumene banja lililonse linkatunga madzi.

Imfa zambiri zinali zozungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Snow sanalekere pomwepo. Anafufuzanso zimene zinkaoneka ngati zikutsutsana naye. Panali nyumba yaikulu yosungira anthu osauka pafupi pomwepo, yokhala ndi anthu oposa 500, koma omwalira anali ochepa kwambiri. Anapeza kuti inali ndi chitsime chakechake. Panalinso mayi wina wamasiye amene anamwalira ndi kolera ku Hampstead, kutali ndi Soho. Anapeza kuti mayiyo ankakonda kukoma kwa madzi a mjigo wa Broad Street, ndipo ankatumiziridwa botolo la madziwo kunyumba kwake. Pa 7 Seputembala Snow analankhula ndi akuluakulu a deralo, ndipo m'mawa mwake chogwirira cha mjigowo chinachotsedwa. Mapu amene anajambula pambuyo pake, osonyeza imfa iliyonse pa nyumba imene inachitikira, amaphunzitsidwabe m'sukulu za zaumoyo mpaka lero.

Chimene chimatikhudza kwambiri m'nkhaniyi ndi mbusa. Henry Whitehead anali mbusa wachinyamata pa tchalitchi cha St Luke's m'deralo, ndipo sanakhulupirire zonena za Snow. Anayamba kufufuza kwake n'cholinga chomutsutsa. Popeza ankadziwa mabanja onse, ngakhale amene anathawa mliri, anthu ankamuuza zinthu zimene sakanauza mlendo. Mapeto ake anapeza umboni wotsimikizira zomwe ankafuna kutsutsa, ndiponso anapeza pamene matenda anayambira: khanda lodwala pa nyumba nambala 40, limene madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje loyandikana ndi chitsime cha mjigowo. Dokotala anali ndi luso la kusanthula, mbusa ankadziwa anthu, ndipo aliyense payekha sakanafika patali.

Akuluakulu a zaumoyo a nthawi imeneyo sanavomerebe, ndipo Snow anamwalira mu 1858 ali ndi zaka 45. Magazini yotchuka ya madokotala, The Lancet, inalengeza imfa yake m'mizere yochepa, osatchula n'komwe za kolera. Inadzakonza cholakwikacho mu 2013, patatha zaka 155.

Ife kuno kolera sitiimvera m'mabuku a mbiri yakale. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Funso limene Snow ankafunsa pakhomo lililonse, lakuti madzi mumatunga kuti, ndi lomwe alangizi a zaumoyo ankafunsa m'midzi ndi m'makwalala athu. Mayankho ake amathandiza pokhapokha wina akakhala pansi, kuwasonkhanitsa ndi kuona kumene akuloza.

Kaundula wa m'kalasi

Sukulu zathu sizisowa manambala. Kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, mphunzitsi wa m'dziko muno wakhala akuitana mayina ambirimbiri m'mawa uliwonse. Amachonga amene wabwera ndi amene wajomba, teremu ikatha kaundula amaikidwa m'kabati, ndipo chiswe ndicho chimamuwerenga. Sitikuwadzudzula aphunzitsi. Munthu amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, makope oti achonge ndi banja lomudikira kunyumba, nthawi yosanthula makaundula a zaka zitatu angaipeze kuti?

Pa sukulu ina ya mpingo imene timaidziwa bwino, aphunzitsi aakulu ankadandaula za kujomba kwa ana a sitandade 6 ndi 7. Pa msonkhano uliwonse wa makolo ankanena za ulesi ndi mavidiyo a pa msika. Mnyamata wina wa mumpingomo, amene anamaliza maphunziro a ziwerengero ku yunivesite koma anali asanapeze ntchito, anapempha kuti aone makaundula akale. Anawakopera onse, tsiku ndi tsiku, mwana ndi mwana. Anapeza kuti kujombako sikunali kwa mtundu umodzi. Anyamata ambiri ankajomba tsiku la msika, ndiye pamenepo aphunzitsi aakulu sanalakwitse kwenikweni, ngakhale anyamatawo ankapita kukagwira ganyu, osati kukaonera vidiyo. Koma atsikana okulirapo ankajomba mwa njira ina: masiku awiri kapena atatu otsatizana, mwezi uliwonse, mtsikana aliyense pa nthawi yake.

Mnyamatayo anachita mwanzeru. Sanapite nazo ku msonkhano wa makolo. Anakaonetsa pepalalo kwa mphunzitsi wina wamkazi, ndipo mayiwo atangoliyang'ana anadziwa tanthauzo lake, chifukwa zimbudzi za atsikana pa sukulupo zinalibe zitseko, madzi analinso kutali. Nkhaniyi inapita ku gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulu, kenako ku komiti. Ndalama zimene zinasungidwa kuti apentere ofesi zinagula zitseko, ndowa ndi sopo, ndipo azimayi a mumpingo anayamba kuphunzitsa atsikana kusoka nsalu zodzisamalira nazo zochapa n'kugwiritsanso ntchito. Amayi a pa sukulupo sikuti vutoli sankalidziwa. Ankalidziwa bwino lomwe, koma pa komiti yodzaza abambo panalibe poyambira kulinena, mpaka pepala la manambala linawatsegulira pakamwa.

Mnyamata yemweyo, asanachoke, anadula botolo la pulasitiki, n'kulilemba mizere, n'kuliika pabwalo kuti ana a sitandade 7 aziyeza mvula m'mawa uliwonse ndi kujambula zotsatira zake pa tchati cha pakhoma. Kwa ana ena aka kanali koyamba kuona kuti masamu angathe kunena kanthu za munda wa kwawo.

Ifenso tinadyapo za manambala

Mwa anthu onse, ife a Adventist sitiyenera kupeputsa ntchito yotere. Nthawi zonse tikamaphunzitsa uthenga wa zaumoyo timanena kuti a Adventist amakhala ndi moyo wautali. Tinazidziwa bwanji? Akatswiri a ku Loma Linda University ku California anatsatira a Adventist pafupifupi 34,000 a m'chigawocho kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo anapeza kuti amuna ankakhala zaka 7.3 kuposa amuna ena a ku California, akazi zaka 4.4 kuposa akazi anzawo. Kafukufuku yemweyo, motsogozedwa ndi Dr Gary Fraser, anasonyeza mu 1992 kuti anthu odya mtedza kasanu kapena kuposera apo pa mlungu anali ndi chiopsezo chochepa ndi pafupifupi theka cha matenda a mtima poyerekeza ndi amene ankadya mwa apo ndi apo. Kafukufuku wachiwiri, amene anayamba mu 2002, ali ndi anthu pafupifupi 96,000 a ku United States ndi Canada. Aliyense wa anthu amenewa anakhala pansi n'kuyankha mafunso a masamba ambiri onena za chakudya chake ndi umoyo wake. Tikamaima pa guwa n'kutchula zaka zija, timakhala tikudya thukuta la abale amene sitinawaonepo ndi la akatswiri amene anawerengera mayankho awo.

Tiyerekeze ndi zimene timachita ife. Pa misonkhano ya misasa ndi pa zionetsero za zaumoyo timayeza anthu kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kulemera kwa thupi. Mizere imakhala yaitali, anamwino athu amatopa, zithunzi zimajambulidwa. Mapepala a zotsatira amaikidwa m'katoni, ndipo katoniyo imakakhala kuseri kwa guwa mpaka chaka chamawa. M'katoni imeneyo muli mayina a anthu amene magazi awo anapezeka akuthamanga pa 140/90 kapena kuposa, amene anafunika kuyezedwanso ndi kutumizidwa kuchipatala. Munthu mmodzi wodziwa kusanja mapepalawo angatulutse ndandanda wa anthu otere madzulo amodzi okha, kuti namwino wa mumpingo awatsatire asanagwe ndi sitiroko. M'mipingo ingapo anthu otere alipo ndipo akuchita zimenezi. Kumene kulibe, nthawi zambiri si chifukwa chakuti mumpingomo mulibe waluso, koma kuti sitinamupemphe. Timamudziwa ngati woimba besi m'kwaya, osadziwa kuti Lolemba m'mawa amakhala akusanthula ziwerengero za banki yonse.

M'mayiko ena ntchito yodzipereka yotereyi ili ndi mabungwe akeake. Ku America kuli Statistics Without Borders, gulu limene linayamba mu 2008 pansi pa bungwe la akatswiri a ziwerengero a m'dzikolo, ndipo mamembala ake amathandiza ulere mabungwe othandiza anthu m'mayiko osiyanasiyana. Ku Britain, bungwe la Operational Research Society lili ndi ndondomeko yotchedwa Pro Bono OR, imene imalumikiza akatswiri ndi mabungwe achifundo ofuna kudziwa, mwachitsanzo, mmene angagawire antchito ochepa kapena ngati thandizo lawo likusinthadi miyoyo ya anthu. Kumeneko mlungu woyamba wa Juni ndi wothokoza anthu ongodzipereka, ndipo bungwe la United Nations linapatula 5 Disembala kukhala tsiku lawo pa dziko lonse. Kuno kwathu anthu otere sadutsa m'bungwe lililonse. Amangofunsidwa pakhomo la tchalitchi kuti, "Achimwene, simungationereko mabukuwa?"

Kuthokoza kwake n'kotani?

Satifiketi ya m'felemu si yoipa, koma taona kuti anthu a mtundu uwu chimene chimawasangalatsa kwambiri ndi kuona kuti zimene anapeza zagwiritsidwa ntchito. Palibe chofooketsa ngati kutaya masande atatu pa lipoti limene komiti ingolilandira, kuliyamikira, n'kulitsekera m'kabati. Ngati komiti yaona kuti singatsate malangizowo, imuuze mwini wake chifukwa chake. Iye ndi munthu wamkulu, ndipo kuntchito kwake amakanidwanso.

Tizikumbukiranso kuti chaulere ndi luso lake, osati zonse. Bandulo ya intaneti, mapepala, inki ndi ndalama ya minibasi siziyenera kutuluka m'thumba mwake. Ndipo tisamusandutse kapolo wa mpingo. Pali chizolowezi choti munthu akathandiza kamodzi, basi lipoti lililonse, bajeti iliyonse ndi kalata iliyonse yopempha thandizo zimathera kwa iye, mpaka amayamba kuzemba akulu a mpingo akawaona akubwera. Pomupempha tinene ntchito yake, tinene pamene idzathere, ndipo tipatule munthu mmodzi kapena awiri oti aphunzire kwa iye, kuti akadzasamutsidwa kuntchito kaundula asafe. Kwa achinyamata amene sanapeze ntchito, monga mnyamata wa pa sukulu uja, kalata ya umboni yosainidwa ndi abusa kapena aphunzitsi aakulu, yofotokoza bwino zimene anachita, ndi mphatso yoposa nsalu kapena wotchi ya pakhoma.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuwathokozera mwapadera, ndicho kusunga pakamwa. Munthu amene wasanja kaundula wa ana amasiye, wa odwala kapena wa olandira chithandizo amadziwa zinsinsi za mabanja ambiri: amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, amene analephera kulipira fizi, amene amabweza chakhumi ndi amene anasiya. Odzipereka abwino amene tagwira nawo ntchito amachotsa mayina asanaonetse zotsatira kwa komiti, satumiza ndandanda wa odwala pa gulu la WhatsApp, ndipo ngakhale akazi awo kapena amuna awo samva kanthu. Amene sangathe kutero asapatsidwe makaundula, kaya akhale ndi madigiri angati.

Kwa inu odzipereka tilinso ndi mawu ochepa, ndipo tikunena mwachikondi. Manambala sadziwa zonse. Baibulo limene lili ndi buku lonse lotchedwa Numeri, limene limatiuza za Yosefe akusunga limodzi mwa magawo asanu a zokolola za Aigupto, ndiponso za Yesu akulangiza womanga nsanja kuti ayambe wawerengera mtengo wake, ndi lomwenso limatiuza pa 2 Samueli 24 za Davide amene anawerenga ankhondo ake n'kudzitengera tsoka. Kuwerenga kochokera m'kudzikuza kulipo. Mlongo wathu uja anaona pa kompyuta kuti agogo a kutsidya sakulandira, koma amene ankadziwa njira ya ku mlatho, ndi khomo la gogo aliyense, ndi gogo amene sangavomere thandizo pamaso pa anthu, anali mayi amene analira m'komiti aja. Mukabwera ndi zimene mwapeza, yambani mwakhala pansi ndi anthu otere paokha, nkhani isanafike pa gulu. Mlongo wathu amavomera yekha kuti pamenepa akanatha kuchita bwino.

Ku Malamulo, kumene mpingo wathu unayamba ntchito mu 1902 ndipo pambuyo pake kunatchuka ndi chithandizo cha odwala khate, nkhani ya pa Luka 17 iyenera kuti inkamveka mwa njira yakeyake: akhate khumi anachiritsidwa, mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza. Ife nthawi zonse tinkadziika m'malo mwa mmodzi uja. Titakumbukira za ndandanda wathu wa kumapeto kwa chaka, tinaona kuti tinali m'gulu la asanu ndi anayi.

Mwezi watha tinapita kunyumba kwa mlongo uja, ife ndi abusa ndi mayi aja a Dorika, amene anaumirira kuti apite nawo ndipo ananyamula dengu la mbatata ndi nthochi za m'munda mwawo. Abusa anapemphera, ife tinapepesa chifukwa cha dzina limene tinalisiya, ndipo mayiwo anagwira dzanja la mlongoyo nthawi yaitali osanena kanthu. Iye anaseka mwamanyazi n'kunena kuti anali ataiwala kale, ngakhale nkhope yake inkaonetsa kuti sanaiwale. Tikutsanzika anatiperekeza mpaka pa msewu, ndipo pamenepo anafunsa ngati kaundula uja akulembedwabe, komanso ngati agogo awiri amene anasamukira kwa ana awo anachotsedwamo. Mayi a Dorika anayankha kuti mmodzi anachotsedwa, winayo anabwerera kumudzi mwezi wa Epulo, ndipo anamuuza kuti abwere Lamulungu adzaone yekha.